Babu limene ndinakana kuzimitsa

Amayi anga sanakhalepo ndi wotchi. Kwathu ku Lirangwe ankangotuluka panja, n'kuyang'ana kumwamba, n'kukuuza ngati ugonenso kapena utenge khasu. Nthanda ikatuluka kum'mawa, basi kwacha. Usiku wakumeneko unali wakuda bii, nyenyezi zili mbwee mpaka kumapiri, ndipo ife tinkagona tulo tofa nato.

Mutu wawo utayamba kuiwalaiwala ndinawatenga kuti ndizikhala nawo kwanga ku Chileka. Matipate anali atangobwera kumene, akuba ali ponseponse. Aliyense wokhala ndi magetsi anapachika babu panja. Ine, poti sindifuna kuchepa, ndinakhoma lalikulu kuposa onse pamtengo wamango, kum'mawa kwa nyumba, moyang'anizana ndi windo la amayi.

"Iwe, tazimitsa chimoto chakochi," ankatero. "Nthanda sindikuiona. Ndidziwa bwanji nthawi?"

"Nthawiyo mupita nayo kuti, amayi? Gonani. Mukufuna atibere?"

Pakamwa ndinali napo, ndipo ndinkadziyesa wochenjera. Ndinawagulira wotchi yapakhoma, iwo n'kumakolekapo mpango wawo. Atambala a aneba nawonso anasokonezeka, ankangolira nthawi imene afuna, ndipo amayi ankati atambala a ku Chileka ndi abodza ngati andale. Tinkaseka. Koma maso awo anali psuu kusowa tulo, ine ndikuona, osachitapo kanthu.

M'mwezi wa Juni kunagwa chiperoni. Nkhungu ija inamwa kuwala kwa mababu athu onse, thambo n'kuyera ngati m'bandakucha. Podzuka m'mawa ndinapeza chitseko chakuseri chili chotsekula, khasu langa palibe. Mphasa yawo inali itazizira kale.

Tinawafuna kutchalitchi, kumsika, m'makomo mwa anthu. Amene anawabweretsa ndi bambo wina wogulitsa makala, atawakweza panjinga. Anati anawapeza m'mbali mwa msewu wopita ku Lirangwe, atakhala pamwala, chitenje chitanyowa, khasu lili pamiyendo. Anali paulendo wakumunda kwawo. Pamene mababu anathera m'pamene iwo anaima, pakuti kutsogoloko usiku unali udakali pakati.

Chibayo chinawagwira tsiku lomwelo. Kuchipatala anagonako masiku anayi, lachisanu tinanyamula maliro. Sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo chimenecho ndiye chimandipweteka mpaka lero. Bola akanandinyoza.

Masiku ano babu langa ndi laling'ono, ndinaliveka chipewa chachitini kuti liziwunika pansi pokha, ndipo pokagona ndimalizimitsa. Aneba amati ndine woumira, ine ndimangowasiya. Awiri anatengera, ana awo akuti akugona bwino, ndipo wakuba sanatiberepo chifukwa cha zimenezo. Koma ine tulo sindinatipeze. Kukachita nkhungu ndimadzuka kukagwira chitseko chakuseri, ngakhale ndikudziwa kuti palibe amene angatuluke.

Ndikaima pamenepo ndimamva zimene anandiuza tsiku lachitatu kuchipatala kuja, atandigwira dzanja, akulankhula ngati akupepesa.

"Mwanawe, kunacha bwinobwino, ine n'kunyamuka. Ndikuyenda, kunayambanso kuda. Chibadwire sindinaonepo zotero. Ndinakhala pansi kudikira dzuwa, osabwera. Ndiye ndinati kaya ndafa kale, kungoti palibe wabwera kudzandiuza."