Tsiku Limene Tinaika Achimwene, Mlembi wa Mabuku Atatu

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pabenchi pasiwa. Chiperoni chinali chitaphimba phiri lonse. Azimayi anali atasasa mawu ndi nyimbo, ena akusonkhezera moto kuseri kwa nyumba, nkhuni zonyowa zikungofuka.

Malemuwo anali achimwene anga. Ankaphunzitsa pulayimale ku Chinakanaka, komanso ankalemba mabuku a zinthu zimene sizinachitikepo. Loyamba linali la othyola tiyi amene anawatumiza kukalima kumwezi. Lachiwiri linali la anthu achitsulo onyamula katundu ku Likhubula. Owerenga anali ochepa. Lachitatu linkanena za dziko lakutali kumene dzuwa linakana kulowa, ndipo kunena kuti watopa unali mlandu. Boma linaliletsa, apolisi anawatengera achimwene kundende, ndipo atawamasula patapita zaka anabwera akutsokomola magazi.

Kutayera anthu anayamba kufika, ambiri kudzera m'minda ya tiyi, osati mumsewu. Mumsewumo munaima galimoto yoyera, pambali pake amuna awiri amene sanapepese maliro kapena kukhala pansi. Amalume anandikokera pambali. Anati popeza ndine wonena mbiri ya malemu, ndingoti anali mphunzitsi, basi. Ndinavomera.

Tinanyamula bokosi mvula ikuwaza. Njira inali yoterera, nyimbo zikumveka pansipansi. Amuna aja anatitsatira.

Kumanda ndinatchula kumene anabadwira, sukulu zimene anaphunzitsako, ana amene awasiya. Kenaka ndinaona alamu anga, akazi a malemuwo, akundiyang'ana osaphethira.

"Analembanso mabuku atatu," ndinatero.

Panalibe amene anasuntha. Adzukulu anangoima ndi makasu m'manja mpaka abusa anayambitsa nyimbo mofulumira.

Pobwerera, mmodzi wa amuna aja anayenda pambali panga. Anandifunsa dzina ndi kumene ndimagwira ntchito, mwaulemu ndithu. Ndinamuuza. Anathokoza, napita kugalimoto.

Madzulo anthu anabalalika msanga. Ngakhale achibale oyenera kugona pamalirowo anapeza zifukwa, ndipo amalume anachoka osatsanzika. M'nyumba tinatsala ine, alamu ndi ana. Ana atagona, alamu anatulutsa jekete yochindikala ya achimwene, naipinda pamodzi ndi bulangete, naziika pafupi ndi chitseko.

"Akabwera kudzakutengani muvale imeneyi, alamu," anatero. "Kumene kuja kumazizira."

Tinakhala pansi, makutu ali kumsewu.