Mphini za pa Mtengo wa Bwemba

Amene anawatseka pakamwa abambo anga ndine, ndipo sindifuna kuti wina andipepese nazo. Nthawi imeneyo ndinali mayi wa ana awiri, wogulitsa mlamba wowamba pa kamsika kathu ka kumunsi kwa Tengani, pamene panali sitolo zowerengeka, pogulira thonje, ndi fumbi losatha. Nsomba tinkayala pansi pa masaka, mumthunzi wa mtengo waukulu wa bwemba umene unali kumapeto kwa msika, kotsetserekera ku dambo.

Mtengowo unali ndi mphini. Madzi a Shire akasefukira n'kufika pamenepo, mwamuna wa kubanja kwathu ankapalasa bwato n'kukatema ndi nkhwangwa pamene madziwo alekezera. Anayamba zimenezi ndi agogo awo a abambo, amene anachokera tsidya la ku Mozambique, ndipo ntchitoyo inatsalira abambo. Mvula ikatha ankapita kukazitemanso kuti khungwa lisazitseke. Sizinali zamizimu, ngakhale akumpingo ena ankaziyang'ana cham'mbali. Munthu akafuna kumanga nyumba kapena nkhokwe ya mapira, abambo ankamugoneka chafufumimba pamalo akewo, nkhope atalozetsa ku mtengo. Ngati mphini yapamwamba akuiona chokweza maso, ankamuuza kuti apo mpolima dimba, si pogona munthu. Amuna akuluakulu ankadzuka fumbi lili tho pamimba, ife n'kumaseka.

Kenaka kunabwera anthu a mapulani ndi chipepala chachikulu. Anati katauni kathu kadzakula, ndiye anakajambuliratu mmene kadzakhalire ana athu akadzakalamba: misewu yowongoka, msika wamalata, sukulu, pokwerera basi. Zonsezo anaziika kumunsi, chifukwa kunali kosalala ndiponso kopanda nyumba zoti agwetse. Sanadzifunse kuti malo abwino choncho anthu anawasiyiranji. Pa mtengo wa bwemba anapakapo penti yofiira, kusonyeza kuti udzagwetsedwa.

Kutatsala tsiku limodzi kuti msonkhano wovomereza mapulaniwo uchitike, ndinawapeza abambo akusoka ukonde pakhonde.

“Mawa ndikawauza,” anatero. “Madzi saiwala khwawa.”

“Baba, mukamuuza ndani? Mukufuna atikweze galimoto tonse?”

“Ndikanena zoipa ine? Nkhabe, ayi ndithu. Ndikangowaonetsa mphini basi.”

“Adzati mukutsutsa chitukuko. Adzati ndinu obwera, bwererani kwanu kuli nkhondoko. Ana angawa ndidzalowera nawo kuti?”

Mantha angawo sanali onamizira. Masiku amenewo kufunsa funso pamsonkhano kunali kuputa boma, ndipo tonse tinkadziwa makomo amene mwini wake anatengedwa osabwereranso. Koma ndisanamepo apa: panalinso china. Anali atandilonjeza benchi mumsika watsopanowo. Ndinali nditatopa ndi kugulitsira pansi, kupirikitsana ndi agalu, nsomba kumanyowa ndi mvula. Benchiyo ndinkaifuna ndi mtima wanga wonse.

Pamsonkhano achinyamata a chipani anaona makhadi athu, amayi tinavina mpaka kukhosi kuuma, chipepala chija anachitambasula pathebulo. Wapampando atafunsa ngati alipo wotsutsa, abambo anayamba kudzuka. Ndinali nditakhalira dala kumbuyo kwawo. Ndinagwira malaya awo n'kukokera pansi. Anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo sanaoneke okwiya, zomwe zinandipweteka koposa. Kenaka anaomba m'manja pamodzi ndi anthu onse.

Chikumbumtima chinandisowetsa mtendere, ndiye ndinapeza nzeru imene ndinkaiyesa yakuya. Tsiku logwetsa mtengo ndinapatsa ocheka matabwa milamba yonona, kuti atichekere mbali yonse ya mphini isanawonongeke. Anatichekera thabwa lolemera, lalitali ngati chitseko, khungwa lake lili pomwepo. Ine ndi mlongo wanga tinalinyamula mpaka kunyumba.

“Takhuta, mwananga,” anathokoza choncho abambo m'chilankhulo chathu, akusisita mphinizo ndi chala. “Zapulumuka.”

Tonse tinakhulupirira zimenezo. Palibe ndi mmodzi yemwe, ine, mlongo wanga, ngakhale abambo eni ake, amene anaganiza zotenga chingwe n'kuyeza kuti thabwalo linayambira pati kuchokera pansi. Chitsa anachikumba n'kuchitentha, thirakitala inasalaza malowo, anathirapo dothi lina ndi simenti.

Msika unali wabwino, sindikana. Ndinagulitsamo zaka zingapo nditakhala pa benchi ngati dona. Pokwerera basi sipanamangidwe, ndipo misewu ina inathera pa zikhomo zimene chiswe chinadya, koma anthu anatsata msika n'kumanga nyumba mouzungulira. Mlongo wanga nayenso anamanga komweko. Panalibenso wobwera kwa abambo kuti akamugoneke chafufumimba, pakuti akanayang'ana chiyani? Mvula ikatha abambowo ankatsitsabe thabwa lija kudenga, kulipukuta, n'kulibwezera.

Madzi anabwera monga ananenera. Anadzaza msika mpaka mabenchi kumira, nyumba za zidina zinasungunuka, mapira a mlongo wanga anamerera m'matope. Tinakhala milungu pa chitunda cha tchalitchi, ana akutsegula m'mimba. Anthu sananditchule dzina, koma ine ndinkadziwa dzanja limene linakoka malaya aja. Ndikamva wina akuti mulandu wonse unali wa anthu a mapulani, ndinkangoyang'ana pansi.

Madzi ataphwa kunabwera wa mapulani wina, mnyamata wa kumtunda waulemu wake, wosiyana ndi oyamba aja. Anati akufuna kusamutsa msika ndi sukulu, ndipo anamva kuti pali mkulu amene amasunga za madzi akale. Sindinawaonepo abambo atasangalala choncho. Anavala jekete yawo ya kutchalitchi, anatiuza kuti tinyamule thabwa, tonse tinatsikira ku msika wodzaza matope uja. Abambo anamufotokozera mnyamatayo mphini iliyonse: iyi anatema agogo, iyi chaka chimene ng'ombe zinathera m'madzi, iyi mwana wangayu ali kumsana. Mnyamatayo anamvetsera cholembera chili m'manja.

“Zikomo kwambiri, agogo,” anatero. “Tsono thabwali linali pati? Kunsi kwakeku kunatalikirana bwanji ndi nthaka?”

Abambo anayang'ana simenti. Anasuntha pang'ono, nasunthanso, kufunafuna pamene panali mtengo. Anatiuza kuti tikweze thabwa.

“Apa. Nkhabe, tsitsani. Apa... kwezaninso.”

Tinakweza, tinatsitsa. Mphini zapamwambazo iwo anazitema ali m'bwato, ndipo pokazitemanso ankakwera pa muzu waukulu umene unapsa pamodzi ndi chitsa. Nthaka yomwe inali itasintha. Mphini zonse zinalipo, palibe imene inatayika, koma sizinkanenanso kanthu. Mnyamatayo anadikira mwaulemu, kenaka anabweza cholembera m'thumba osalemba chilichonse.

Pa khoma la msika panali mzere wa matope, pamene madzi a chaka chimenecho analekezera. Abambo anauyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana thabwa, n'kutembenukira kwa ine. Nkhwangwa yawo yaing'ono anali atabwera nayo, ataikoleka paphewa.

“Mwananga,” anatero, “nanga madzi a chaka chino nditeme pati?”

Sanatemenso mphini ina mpaka tsiku limene tinawaika. Thabwalo lili kwa ine, kuseri kwa chitseko, ndipo adzukulu anga akandifunsa kuti ndi la chiyani, ndimawauza kuti akasewere panja.