Kapu yofiira ya achemwali

Dzulo kuchipatala cha pa esiteti kunabwera anthu ofufuza za khunyu. Anamata timawaya pamutu pa mwana wa mnzanga. Mwanayo atamwa madzi, nesi anamwera kapu yomweyo. Ndinatuluka panja mtima ukuwira.

Ndili mwana, kwathu kumalaini a antchito a pa esiteti, achemwali anga a Esinati anali ndi kapu yawoyawo, yofiira, yokhala payokha pawindo. Ine ndinkayesa kuti amawakondera, moti ndinkaililira.

"Ukamwera imeneyo nawenso uzigwa!" amayi ankandikalipira.

Tsiku lina amayi ali kothyola tiyi, achemwali anagwera pamoto akukazinga chimanga. Thupi lonse linkanjenjemera, thovu lili kukamwa. Ndinathamanga kuti ndiwakoke, koma a Namulo oyandikana nafe anandigwira mkono.

"Iwe mwana, thovulo likakukhudza watenga! Dikira asiye kaye."

Tinadikira. Azimayi anaima mozungulira, chitenje cha achemwali chikunyeka. Fungo lake ndimalimvabe mpaka lero. Achemwali anatisiya ali kuchipatala, ndipo amayi anakataya kapu ija m'chimbudzi.

Dzulolo ndinabwerera kwa nesi uja, ndinamufunsa mokalipa ngati matendawa sapatsiranadi. Anati ayi achimwene, vuto limakhala mu ubongo.

Ndiye kuti kunali kungowagwira dzanja n'kuwakoka, basi.