Phazi la Apongozi a Petson

Ku Bwacha kuno mukafunsa wochiza magalimoto a otomatiki, ngakhale wogulitsa makala akulozerani kwa Petson Mwaka. Ndi munthu wamfupi, wa ovolosi yomwe kale inali yabuluu, wolankhula ngati akupepesa. Anakwatira Everlyn, mwana wa Mayi Phyllis aja a Chigwirizano ku Reformed, omwe makolo awo anachokera ku Katete ndi ntchito ya njanji. Poti analibe pogwirira, apongoziwo anamupatsa kuseri kwa nyumba yawo. Galaja pomwepo, pogona pomwepo. Chikamwini cha m'tauni.

Luso lake lili pa konveta, chitsulo chonga miphika iwiri yovundikirana, chodzaza oyilo, chomwe chimakhala pakati pa injini ndi giyabokosi m'malo mwa kilachi. Petson samasula bawuti asanakwere galimoto. Amakhala pambali pa mwiniwake n'kunena, "Yendetsani nokha, ine ndimve." Ikanjenjemera pa liwiro ngati ikuponda malata, kapena injini ikamakuwa galimoto ikuyenda mwaulesi, amagwedeza mutu. Kenako amanunkhiza oyilo. Wofiira ndi wabwino. Wakuda wonunkha ngati nyemba zopserera ndiye matenda. Pomaliza amaika giya pa D, kuponda buleki ndi mafuta nthawi imodzi, maso ali pa singano yosonyeza kuthamanga kwa injini. Izi ndi za kamphindi chabe, chifukwa ukachedwetsa oyilo amawira.

Ndiye mlamu wake wa ku Kitwe anawagulira amayi ake, Mayi Phyllis, kagalimoto kochokera ku Japan. Mvula isanathe, kanayamba kunjenjemera.

Mkamwini sakhala phewa ndi phewa ndi apongozi. Petson anakakhala kumbuyo, pakona, maso pawindo ngati wopita kukhoti. Anamva kunjenjemerako, ananunkhiza, nyemba zopserera. Anasintha oyilo. Patapita nthawi anasintha konveta. Nyengo yozizira itafika, matenda omwe aja.

"Atate a Queen," anatero Mayi Phyllis ali pakhonde, akuyang'ana mtengo wa mango osati Petsonyo, "kodi anthu amakutamirani chiyani? Galimoto ya m'nyumba momwe muno ikukukanikani. Elvis, mwana wa mng'ono wanga, akufuna kuseriku aweteko nkhuku. Mwina nkhuku zingatithandize."

Petson anangoti, "Ndamva, amayi." Ankadziwa kuti atati achotsedwe kuseriko, masipanala akanakawasunga pansi pa bedi.

Amene anaulula chinsinsi ndi Derrick, dalaivala wa minibasi, atabwera kudzabwereka jeke.

"Mudala, dzulo ndinali kumbuyo kwa apongozi ako kuchoka pano mpaka ku Mukobeko. Magetsi a buleki sanazimeko! Ndimaganiza tili pamzere wa maliro. Gogo uja amayendetsa ndi mapazi onse, lamanzere lagona pa buleki ngati lili pa mpando."

Petson anakhala pansi pa tayala. Mayeso aja amene iye amachita kamphindi akuopa, apongozi amawachita ulendo wonse, akuimba nyimbo za m'buku.

Matenda anapezeka, koma owanena ndani? Mkamwini akatchula phazi la apongozi, ndiye kuti analiyang'ana. Anapita kwa mkazi wake.

"Everlyn, ukawauze ndiwe."

"Ine? Akandifunsa kuti waona miyendo yawo ndani, ndinene ndani?"

"Unene Derrick."

"Derrick wa minibasi aziyang'ana miyendo ya amayi anga? Mukufuna nkhaniyi ikafike kwa abusa?"

Anadzilimbitsa yekha. Ananjuta patali ndi apongoziwo, chipewa m'manja, maso pa nyerere.

"Amayi, magalimoto a masiku anowa akuti amakonda phazi limodzi."

"Akuti ndani? Zopondapo ndi ziwiri, mapazi Mulungu anandipatsa awiri. Linalo ndizilisiya kunyumba?"

Petson anavomereza kuti n'zoona.

Anaika konveta ina, n'kupempha kuti sabata imeneyo aziyendetsa iyeyo, poyesa ntchito. Apongozi anakhala kumbuyo, chikwama pamiyendo. Kagalimotoko kanayenda ngati kakusambira. Kumsika, kuchipatala, ku kwaya, osanjenjemera n'pang'ono pomwe.

"Tsopano mwaigwira ntchito," anatero Mayi Phyllis. "Koma ndaona kuti galimotoyi imamvera inu. Tisaisokoneze. Elvis akapeze kwina."

Malo anapulumuka choncho, koma mwini galaja ndiye sapezekapo. Mukapita m'mawa mupeza magalimoto a anthu ali pamzere, agalu agona pansi pake, Everlyn akukuuzani kuti atate a Queen aperekeza amayi. Lachinayi ndi Chigwirizano. Maliro a mumpingo, a ku Katete ndi a anzawo a malemu amuna awo, onsewo Mayi Phyllis saphonya.

Sabata yatha ndinamupeza ku Makandanyama, ataimika kunja kwa nyumba ya maliro, dzuwa likumuotcha m'galimoto. Ndinamufunsa ngati sangangowauza zoona zithe.

Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Achimwene, mochedwa. Dzulo anena kuti laisensi yawo sakaiwonjezeranso. Akuti ya chiyani, poti ana alipo."