Aphunzitsi Apansi ndi Makope Osadzaza

Ana ndiwo anawapatsa dzina loti Aphunzitsi Apansi, chifukwa m'kalasi mwawo mpando unali woikapo chikwama basi. Eniake ankakhala pa simenti, miyendo atatambasula, tiana ta kalasi yoyamba titawazungulira. Anatero zaka makumi awiri ndi zitatu. Maondo anatupa, koma mpando sanaukhalire.

Ali mwana ankalemba ndi dzanja lamanzere. Mphunzitsi wawo ankalimenya ndi rula mpaka iwo anasiya kuyankhula m'kalasi chaka chathunthu, ndipo anthu anangoti mwanayu ndi wogona. Atakula anaphunzira zauphunzitsi, anapempha okha kalasi yoyamba, imene anzawo ankaithawa chifukwa cha mamina ndi kulira. Mwamuna wawo anamwalira msanga. Anakhala m'kanyumba ka kuseri kwa sukulu, ndipo tsiku lililonse ankafika belu lisanalire.

Ine ndine kalipentala. Ndinkakonza madesiki a sukuluyo, komanso ndinali m'komiti ya makolo. Zimene ndikulemba pano ndinaziona ndi maso.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere. M'mawa ankaima pakhomo n'kugwira dzanja la mwana aliyense. Sikunali kupereka moni kokha. Ankamva ngati thupi latentha, ankayang'ana maso, ankaona amene wabwera osasamba ndi amene walira m'njira. Akalowa, choko sichinkagwiridwa msanga. Ana ankang'amba mapepala, kutunga mikanda pa ulusi, kuponyerana mpira wansanza, kuimba, kunena zimene aona pobwera. Nthawi zina aphunzitsiwo ankazembera kumbuyo kwa mwana n'kutchula dzina lake chapansipansi, kuti aone ngati atembenuke. Ankati zala zimene sizingatunge mkanda sizingagwire pensulo, ndipo mwana wamantha sangamve chilembo ngakhale uchifuule. Teremu yoyamba makope ankakhala pafupifupi oyera. Pofika teremu yachitatu ana aja ankawerenga.

Kenaka kunabwera ahedi atsopano, munthu wa tayi ngakhale kutenthe bwanji. Sabata yachiwiri anasuzumira m'kalasi muja n'kupeza madesiki ali kukhoma, ana ali pansi.

"Amayi, ino ndi sukulu kapena bwalo lamasewera?"

"Ndi sukulu, ahedi. Lowani, mukhale nafe."

"Ndikhale pansi? Ine?"

"Simenti siluma."

Ahedi sanaseke. Anati akufuna madesiki m'mizere, ana alembe masamba awiri patsiku, apo ayi kalasiyo apatsa wina. Aphunzitsi Apansi anakana.

Ahediwo ankadziwa pamene pali kufooka kwathu. Ife makolo a pasukulupo tili ndi chizolowezi chimodzi choipa. Mwana akaweruka sitimufunsa chimene wamva. Timatsegula kope n'kuwerenga masamba, n'kufuna pamene achonga ndi cholembera chofiira. Kope likadzaza timati mwana akuphunzira, ngakhale atakopera zimene sakuzidziwa. Choncho ahedi anaitanitsa msonkhano, n'kunena kuti kholo lililonse libwere ndi kope la mwana wake.

Tinasonkhana m'holo, makope ali m'manja. Woyamba kuimirira anali mayi wina wogulitsa zovala pamsika, amene timangoti make mapasa.

"Abale, tayang'anani! Miyezi iwiri, tsamba limodzi. Mizere yakenso ngati padutsa nyongolotsi. Mikanda nanenso ndili nayo kunyumba, bwenzi atangotunga komweko."

"Make mapasa," anatero aphunzitsi, "mwana wanu wamkulu uja, amene amakuwerengerani mapepala a mankhwala, anayambira m'manja mwa ndani?"

"Uja ndi nzeru za bambo ake."

"Bambo ake omwe aja?" anafuula wina kumbuyo, holo yonse n'kufa ndi kuseka. Koma kuseka sikunathandize kanthu. Ahedi ananyamula makope awiri, lina la sukulu ya kutsidya kwa msewu lodzaza mpaka pachikuto, lina la kwathu. Anangowaonetsa m'mwamba, osanena zambiri.

Apa Aphunzitsi Apansi analakwitsa, ndipo sindiwabisira. Mtima unawapsa. Analoza atelala amene anakhala kutsogolo.

"Bambo, mwana wanu wamkazi samva khutu lakumanzere. Ndakuuzani kawiri kuti mupite naye kuchipatala. Kodi zimenezo ndikanaziona m'kope? Mukamuika m'mzere wakumbuyo adzalemba masamba anu awiriwo, koma adzatuluka muno osamva kanthu."

Zinali zoona, koma sizonenera pagulu. Atelala anaimirira.

"Mwandiyalutsira mwana, amayi! Mawa anzake azimutchula chiyani? Ndinu dokotala inu?"

Kuchokera pamenepo palibe anamveranso. Anthu ankangoti amayiwa akalamba, amayiwa ndi amwano. Ahedi anati amene akufuna mphunzitsi wina akweze dzanja. Manja anakwera ngati nkhalango. Langa linakwera nawo, chifukwa kope la mdzukulu wanga linali m'thumba langa, loyera, ndipo ndinachita manyazi nalo. Anthu akuluakulu, ena a imvi, tinachotsa munthu amene ankadziwa ana athu kuposa ife, chifukwa cha mapepala osadetsedwa. Mpaka lero ndikaganiza ndimalavula.

Ahedi analamula kuti kuyambira Lolemba amayiwo azikasunga chipinda cha mabuku, azidinda zidindo ndi kupukuta fumbi. Kalasi anapatsa mtsikana wongochoka kumene kukoleji. Ine anandituma kukaika madesiki m'mizere, ndiye ndinalipo pamene ankasiyirana.

Aphunzitsi Apansi sanabwere ndi pepala. Anamugwira mkono mtsikanayo n'kuyamba kumuyendetsa m'kalasi mopanda ana.

"Mwanawe, mvetsera. Wa atelala umuike kutsogolo, khutu lakumanja liloze kwa iwe. Pali kamnyamata kachibwibwi, usakamalizire mawu, kadikire. Mapasa uwalekanitse, wamng'ono amayankhira mnzake. Wina amaopa chimbudzi, umutume ndi mnzake nthawi isanakwane, apo ayi udzakolopa. Awiri amalemba ndi lamanzere, uwasiye."

"Amayi, ana makumi asanu ndi limodzi, ndikumbukira bwanji zonsezi?"

"Sukumbukira lero. Uziwagwira dzanja, uwadziwa."

Amayiwo atafotokoza ana makumi awiri, ahedi anaima pakhomo, akuloza wotchi. "Amayi, mwamaliza? Mphunzitsiyu ali ndi ndondomeko yake yochokera ku ofesi. Musamusokoneze."

"Ndatsala ndi ana makumi anayi."

"Nthawi yatha. Kiyi wa chipinda cha mabuku ndi uyu."

Aphunzitsi Apansi sanamulandire kiyiyo.

"Mabuku alibe malungo, ahedi. Apatseni ena."

Anatenga chikwama chawo n'kutuluka. Lolemba sanabwere, ndipo pakutha kwa mwezi anali atasamukira kwa mchemwali wawo, kutali. Palibe wa komiti anapita kukatsanzika. Za ana makumi anayi aja palibe amene anamufotokozera mphunzitsi watsopano. Mtsikana uja anayesetsa, sindimunena, koma masamba awiri patsiku ankamudyera nthawi yonse. Makope anadzaza, makolo anakondwa, ndipo chaka chitatha ana khumi ndi asanu ndi awiri anabwereza kalasi.