Chitenje cha Raja

A Lexon akhala akusamalira maluwa kwa Mayi Urmila ku Area 14 kuyambira imvi zisanamere. Koma ntchito imene anaiika pamtima inali ya Raja, chigalu cholondera cha mtundu wa Jemani Shefadi, chimene chikauwa ngakhale ogulitsa makala ankawolokera tsidya lina la msewu.

Ankamudziwa ngati mwana wawo. Nyengo ya mvula ankamuzula nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala. Ankamutukula mlomo kuona nkhama, poti zikayera ndiye kuti magazi akutha. Chakudya ankamugawira kawiri, ndipo akadya sankamulola kuthamanga, kuopa kuti mimba ingatupe n'kupindika.

Kenaka kunabwera matenda a m'chiuno, amene amakonda agalu akuluakulu. Miyendo yakumbuyo inayamba kugwedera. Dokotala wa ziweto anapereka mapiritsi, n'kunena kuti tsiku limene Raja adzalephere kudzuka yekha, chifundo chake n'kumugoneka ndi jakisoni tulo tosadzukanso. Mayi Urmila anavomera.

Tsikulo linafika mu Juni, kukuzizira, koma a Lexon sanauze munthu. Anabwera ndi chitenje chakale cha akazi awo. Madzulo alionse, Mayi Urmila asanabwere kuchokera kusitolo kwawo ku Old Town, ankachikulunga kumimba kwa galuyo, kumunyamula mpaka pageti, kumuimika bwinobwino kuti azioneka ngati wadzuka yekha, n'kubisa chitenjecho m'maluwa.

"Limba, msilikali," ankamunong'oneza. "Ukagwa watiyalutsa tonse."

Bernadetta wophika ankaonera pawindo. "Achimwene, kodi mukuthandiza galuyo kapena mukudzithandiza nokha?"

"Akudya bwino uyu, achemwali. Wodwala amatsuka mbale chonchi?"

Lachisanu lina atamukweza, Raja analira kulira kwachilendo, n'kutembenuka kuwagwira dzanja ndi mano. Sanalume. Anangoligwira, kenaka n'kuyamba kulinyambita. A Lexon anamutsitsa pang'onopang'ono pakapinga, iwo n'kukhala pansi pambali pake.

Hutala ya galimoto inalira pageti. Inaliranso. Anakatsegula ndi Bernadetta. Mayi Urmila atatsika anaima duu, kuyang'ana galu, kuyang'ana chitenje chili chikulungire.

"Lexon, zayamba liti izi?"

"Papita nthawi, madamu." Dzanja lawo linali pakhosi pa Raja. "Mawa popita kwa dokotala ndimunyamule ndine. Enawa sadziwa pomugwira."