Tinaitana Mashafiti pa Manda a Asisi

Ndinadzuka kusanache, msana utauma chifukwa chogona pampando panja. Inali nyengo yozizira, ndipo mphepo ya ku komboni yathu ya Kwacha sichita manyazi ndi maliro. Moto wa amuna unali utatsala phulusa ndi chitsa chimodzi. M'nyumba amayi a mpingo ankaimbabe, koma mawu anali atasasa, nyimbo ikuyenda chokwawa. Tsiku limenelo tinkaika mlongo wanga wamkulu, Asisi Felista, ndipo ine ndinadzuka ndi mkwiyo m'malo mwa misozi. Ndiyambe ndanena chifukwa chake.

Asisi anali otaipa mu ofesi ya mgodi kuyambira ali mtsikana. Ine ndinkagwira pansi, ku shafiti ya kumpoto, chimodzi mwa zidzenje zolowera mumgodi. Migodi itagulitsidwa, tonse awiri anatichotsa ntchito mwezi umodzi. Ine ndinakhala pakhonde n'kumatukwana aliyense wodutsa atavala tayi. Iwo anapita kukaphunzira kompyuta, mayi wa imvi pakati pa ana a sukulu. Kenako anagwirizana ndi mwini kafe ya intaneti m'tauni, mnzathu wochokera kwathu ku chigawo cha kummawa, nayambitsa tsamba la pa intaneti la malonda ang'onoang'ono. Wogulitsa firiji, wofuna nyumba ya lendi, wofuna ganyu, onse ankapezeka pamenepo. Anthu athu analibe makompyuta. Ankabwera kudzanena pakamwa, Asisi n'kulemba, ndipo m'mawa uliwonse ankasindikiza tsambalo n'kulitumiza kuti likamatidwe m'misika ndi m'masiteshoni a minibasi, mpaka ku Ndola.

Poyamba analikonza monga amachitira ena, mipando payokha, magalimoto paokha. Silinayende. Asisi anadzaona kuti munthu wa mumgodi akafika safunsa za firiji. Amayamba wafunsa kuti wogulitsayo anali wa shafiti iti. Munthu amene unkatsika naye pansi sangakugulitse chitofu chakufa, ndipo akatero umadziwa kokamupeza. Ndiye anaphwasula tsamba lonse n'kulimanganso. Pamwamba penipeni anaika za maliro, poti ndizo munthu wochotsedwa ntchito amayamba kuyang'ana. Pansi pake anandandalika mashafiti, kenako a kosungunula mkuwa, a ku wekishopu, a m'maofesi. Zilembo anazikulitsa chifukwa maso athu anatha ndi fumbi. Zithunzi anakana, ati pa lamya ya masiku amenewo chithunzi chimodzi chinkatseguka nyemba zitapsa. Anthu amene anabalalika anayamba kupezana.

Mwini kafe sanazikonde. Ankati mgodi wathuwo unafa, tsamba likununkha maliro, ndipo eni mashopu a mafoni safuna kutsatsa malonda awo pafupi ndi akufa. Anakonzetsa tsamba lina la mitundu yowala ndi zithunzi. Asisi anakana kwamtuwagalu, ndipo ankakangana mpaka matenda atawagwetsa. Anamwalira Lolemba. Lachiwiri a pa kafe anaika uthenga wa maliro awo pamwamba pa tsamba lawolo, n'kulisindikiza monga mwa masiku onse. Lachitatu, thupi lili ku mochale, bamboyo anachotsa zonse n'kuika lakelo. Panalibenso maliro, panalibenso shafiti.

Ndicho chinkandiwotcha mumtima. Asisi analibe mwana, ndipo amuna awo anatsogola kalekale. Eni mgodi atsopano sankadziwa n'komwe dzina lawo. Ndinkaopa kuti mayi amene anaitanira anthu ku maliro a ena aikidwa ndi kagulu kokwana m'minibasi imodzi.

Kutayamba kuyera, amayi a Chibemba anasonkha moto kuseri kwa nyumba. Kuno ife a kummawa tikaferedwa, Abemba ndiwo amagwira ntchito, ndipo malipiro awo ndi kutiseka. Timati chimbuya. Mbuya wako akhoza kukunena chilichonse pamaliro, iwe osakwiya. Wotsogolera anali Bana Mulenga, oyandikana nafe, mayi wamfupi wa mawu ngati a kondakitala. Anandipeza ndikusukusula, nandithira ufa m'mutu, n'kundifunsa ngati taika mbewa zokwanira m'bokosi kuti Asisi asafe ndi njala panjira. Ndinawayankha kuti odya anyani asatiphunzitse za kamba. Anaseka, koma ataona nkhope yanga anasiya. Anali atamva kale za tsambalo, poti ndiwo anandiuza.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, poyamba a mpingo ndi a m'misewu yathu. Ndinakhala pachipata ndikuwerenga mitu ndi maso. Kenako inaima minibasi yochokera ku Chifubu, komboni ya ku Ndola, n'kutsika amuna okhaokha. Inabwera ina, ndi inanso. Ena anafika wapansi, nsapato zitayera ndi fumbi. Anali amuna owonda, okhosomola, ena atavala maovololo akale a mgodi ochapidwa mpaka kuyera m'maondo. Ochepa anali ndi zipewa zawo zolimba zija. Aliyense ankandigwira dzanja n'kunena kuti mwalosheni mukwai, kapena pepani achimwene, malinga ndi kwawo.

Ndinaona kuti ambiri anali ndi pepala lopinda m'thumba la malaya. Linali tsamba la Lachiwiri. Wina ku Chifubu anamatula limene linali pamsika, nakalichulukitsa pamakina, ndipo linayenda m'manja m'manja, m'maminibasi, m'mashebini, pakhomo la tchalitchi. Ena mapepala awo anali ofufuma moti dzina la Asisi silinkaoneka bwino. Koma ndinaona kuti mabanja ena sanabwere, a kutali amene ankadalira kuwerenga pa kompyuta, ndipo mkwiyo wanga sunazizire.

Mwini kafe anafika tikunyamuka kupita ku Misa. Anatsika m'galimoto atavala suti yakuda, atanyamula nkhata yaikulu kuposa ya banja, yokhala ndi kansalu kolembedwa dzina la tsamba. Sindinamuyankhule. Ndinamuona akunong'onezana ndi akatekisiti, ndipo ndinadziwa kuti akupempha kuti kumanda adzaitanidwe m'dzina la a kuntchito.

Misa inali yaifupi. Tchalitchi chinadzaza, ena anaima panja m'mbali mwa mawindo. Titatuluka tinakweza bokosi pa lole yobwereka, amayi a kwaya atalizungulira. Mphepo inkaulutsa fumbi ndi mapepala a pulasitiki, ndipo kukhosi kunkamveka senta, utsi wowawa uja wa kosungunula mkuwa. Lole inkayenda pang'onopang'ono chifukwa cha maenje a mumsewu, moti amuna ambiri anatsika m'maminibasi n'kumayenda pambuyo pake. Tinadutsa pamene pamaonekera chitsulo chachitali cha shafiti yotsekedwa, magudumu ake ataima. Palibe anawauza, koma amene anali ndi zipewa anavula.

Kumanda adzukulu anagwira ntchito yawo mwachangu. Dothi linali louma, lofiira, lomveka phokoso pabokosi. Atamaliza kuunda, akatekisiti anatenga chimkuzamawu n'kuyamba kuitana oika nkhata. Banja tinaika. A mpingo anaika. Kenako anaitana a kuntchito kwa malemu.

Bambo uja anadzikonza jekete nayamba kuyenda. Sanapite patali. Bana Mulenga anamutsekera njira, mbale ya ufa ili m'manja, namuthira kuyambira kumutu mpaka m'mapewa a suti ija.

“Uyu anaika kale maliro Lachitatu,” anatero mokweza. “Lero wabwera kudzaika ndani?”

Anthu anaseka, kuseka kwa pamaliro kosachedwa kuzima. Iye ndi wa kummawa, sakanatha kukalipira mbuya wake. Anangoima, nkhata ili m'manja, ufa ukuyoyoka m'nsidze. Ine ndinapita kwa akatekisiti n'kuwapempha chimkuzamawu. Anazengereza, koma ndinali nditachigwira kale.

Ndinanena kuti a kuntchito kwa Asisi alipo, ndipo ndiwaitana monga mwini wake ankawaitanira. Ndinayamba ndi shafiti ya kumpoto. Kenako mkulu wina wotsimphina anatuluka m'gulu, ena n'kumutsata, anthu amene ndinkatsika nawo pansi, ena sindinawaone chigulitsidwire migodi. Analibe maluwa. Mkulu uja anatulutsa pepala lake, naliika pamtumbira, n'kulipanikiza ndi mwala kuti mphepo isalitenge. Enawo anachita chimodzimodzi.

Ndinaitana shafiti ya kumwera, ndi yapakati, ndi ija inatsekedwa. Ndinaitana a kosungunula mkuwa, a ku wekishopu, a m'maofesi. Pa gulu lililonse ankatulukanso amayi amasiye m'malo mwa amuna awo. Abambo a mpingo anayang'ana wotchi, ine ndinayang'ana kumbali. Ndinalira pamaso pa anthu onse, koma chimkuzamawu sindinabweze mpaka nditamaliza. Mtumbira unayera ndi mapepala. Pomalizira pake mwini kafe anaika nkhata yake kumiyendo, poti pamwamba panalibenso malo.

Titabwerera kunyumba, mwini kafe anandipeza pamene anthu ankasamba m'manja. Anali atasasa ufa, koma wina unatsalira m'khutu. Sanakalipe. Anati iyenso ankawakonda Asisi, koma lendi ya kafe imamudikira mwezi ndi mwezi, ndipo tsamba lakale silibwereranso. Sindikuti ankanama. Ndinamuuza kuti lakelo asunge, koma la Asisi lili mu kompyuta yawo m'nyumba muno, ndipo kompyutayo ndi ya banja.

“Achimwene,” anatero modekha, “inu simudziwa n'koyatsira komwe.”

Zinali zoona. Ndinamuuza kuti pansi pa nthaka ndinalowanso ndisakudziwa kanthu.

Anthu anadya n'kuyamba kubalalika kuti apeze minibasi kusanade. Pakati pa otsanzika panali bambo wina wa chifuwa cholira, amene sindinkamudziwa. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, kenako anandiuza, ngati akuyankhula ndi Asisi pa kauntala, kuti ndimulembere kuti akugulitsa wilibala, tayala lake n'labwino, iye ndi wa shafiti ya kumwera. Sanafunse ngati tsamba likadalipo. Anangonena n'kumapita.

Madzulo nyumba inangoti zii. Mipando inali ikadali panja, m'chipinda chochezera muli mphasa zokhazokha ndi fungo la utsi. Azakhali a kumudzi anagona chokhala, atatsamira khoma. Mkazi wanga ankasonkhanitsa makapu. Ndinalowa kuchipinda kwa Asisi n'kuchotsa chitenje chimene ankafunditsa kompyuta. Ndinapapasa kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, ndikutukwana chapansipansi, mpaka mkazi wanga anabwera n'kundilozera kabatani kamene kanali pamaso panga penipeni. Makina anayamba kulira, ndipo tsamba linatseguka lokha monga mwini wake analisiyira, zilembo zake zikuluzikulu, mashafiti ali m'malo mwake.

Zala zanga ndi za chitsulo ndi miyala, chala chimodzi chimadina zilembo ziwiri. Tiyi amene anandiikira anazizira ndisanamalize mawu akuti wilibala. Mkazi wanga anafunsa kuti ndani adzawerenga zimenezi, poti pa intaneti palibenso malo athu. Ndinati makina osindikizira ndi awa, ndipo khoma la pamsika sanaligulitse.

Wilibala ija ndinaiika pansi pa shafiti ya kumwera, pomwe Asisi akanaiika. Kenako ndinabwerera pamwamba, pa za maliro, n'kuyamba kufunafuna chilembo choyamba cha dzina lawo.